Mankhwala kapena kuimba? Yankho kwa mayi wa ku Ndirande

Mayi wina wa ku Ndirande wandilembera imelo. Mwana wake ali ndi miyezi itatu, koma chitulukireni m'chikuta mtima wake sunakhazikike. Mayiyu amangolira, ndipo usiku tulo sakuona, amangodzukadzuka kukasuzumira ngati khanda likupuma. Kuchipatala anamupatsa mankhwala a matenda okhumudwa otchedwa fluoxetine, koma apongozi akuti mankhwalawo aononga mkaka, bola abwerere kukwaya ya Mvano. Akufunsa kuti atsate ziti.

Mayi, gwirani zonse ziwiri. Mankhwala musasiye.

Kulira kwa masiku oyambirira kumatha kokha pasanathe milungu iwiri. Kwanuku kwapitirira, ndiye ndi matenda okhumudwa amene amagwira amayi ena akabereka, osati kufooka kapena kuchepa kwa chikhulupiriro. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'mayiko ngati kwathu kuno, pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse amadwala chonchi akabereka. Mankhwalawa sagwira tsiku lomwelo. Pamatenga milungu iwiri mpaka isanu ndi umodzi kuti mumve kusintha, ndipo pamenepa ndi pomwe ambiri amatayira mtima. Mukayamba kupeza bwino, mupitirizebe kumwa kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi. Za mkakazo mukafunse adokotala, muwauze kuti mukuyamwitsa. Alipo mankhwala ngati sertraline amene amalowa pang'ono kwambiri mumkaka, ndipo adokotalawo ndi amene angaone ngati n'koyenera kusintha.

Komatu apongozi anu sanalakwitse zonse. Ku London kunachitika kafukufuku amene anatuluka mu 2018, wa amayi 134. Mwa amene matendawa anawagwira kwambiri, omwe ankaimba pagulu pamodzi ndi makanda awo kwa milungu 10 anayamba kupepukidwa msanga kuposa anzawo. Ine sizinandidabwitse. Taonani kusikelo amayi akayamba kuwomba m'manja anamwino asanayambe kuphunzitsa: amene anabwera ali ndwii, pofika nyimbo yachiwiri amakhala akuvomera, mwana akugwedezeka kumbuyo. Kuimba kumachititsa munthu kupuma mozama, komanso kumamutulutsa m'nyumba. Choncho wailesi yokha siyokwanira. Berekani mwana, pitani kwa amayi anzanu, ngakhale tsiku loyamba mungokhala kumbuyo n'kumang'ung'udza nyimbo.

Koma pali zina zosadikira Lachinayi, tsiku la Mvano. Mukayamba kuganiza zodzipha kapena zovulaza mwana, kumva mawu amene ena sakuwamva, kapena kutha masiku osagona n'komwe, uzani bambo a mwana kapena m'bale wanu akuperekezeni kuchipatala cha Queens tsiku lomwelo.