Phudzi la amuna anu musalole kuti alipope pamsika

Kalata iyi yachokera kwa mayi wina wa ku Chikwawa, ndipo ndaifupikitsa. Akuti amuna awo, bambo a zaka 46, akhala ndi chotupa kumavalo mbali ya kumanja kwa zaka zitatu. Sichiwawa, koma chakula moti njinga anasiya kukwera, kumunda amalima pang'ono n'kukhala pansi, ndipo kutchalitchi amavala jekete lalitali ngakhale mu Okutobala. Kwa sing'anga anapita, mphini anatemedwa, palibe chasintha. Tsopano wina wa pamsika wawalonjeza kuti apopa madziwo ndi jakisoni. Funso lawo ndi ili: "Tilole kodi? Bambo akukana opaleshoni, akuti akawang'amba basi m'nyumba mwatha."

Mayi, zikomo polemba. Za jakisoniyo yankho langa ndi lalifupi: musalole.

Ife timangoti phudzi tikaona thumba la machende latupa, koma m'dzina limodzili mwabisala matenda angapo osiyana kwambiri. Pali phudzi la madzi, limene achipatala amati hydrocele. Tchende limakhala m'kathumba kopyapyala komwe mwachibadwa muli timadzi tochepa; madziwo akamapangidwa ambiri kuposa amene thupi likuchotsa, kathumbako kamadzaza pang'onopang'ono. Palinso hernia, pamene matumbo amadutsa pamalo ofooka a m'munsi mwa mimba n'kutsikira m'thumbamo. Kunja ziwirizi zimaoneka ngati chimodzi. Ndiye taganizani munthu wa pamsika uja walasa singano, akuganiza kuti akupopa madzi, pamene walasa thumbo. Ndowe zikatayikira m'kati, munthu atha kufa m'masiku ochepa. Ngakhale atapeza madzi enieni, phindu ndi lakanthawi: kathumba kopanga madziko kadakali momwemo, ndipo pakatha milungu kapena miyezi chotupa chimabwerera. Singano yosaphika ikalowetsamo tizilombo, madzi aja amasanduka mafinya, opaleshoni imene ikanakhala yophweka n'kukhala yovuta.

Mutha kuyamba kusiyanitsa muli kunyumba. Bambo akagona chagada, chotupacho chimachepa kapena kubwerera m'mimba? Akatsokomola kapena kunyamula thumba la chimanga chimatukumuka? Nthawi zina chimalira ngati m'mimba? Zikatero, ndi hernia. Phudzi la madzi silibwerera, limakhala momwemo usana ndi usiku, losalala, lolemera. Mukazimitsa nyale n'kugunditsa tochi ya foni kumbuyo kwake, nthawi zambiri limawala mofiira chifukwa kuwala kumadutsa m'madzi. Koma musadalire tochiyo kwambiri. Phudzi lakalekale khungu lake la m'kati limakhuthala ndipo silingawale, komanso munthu mmodzi atha kukhala ndi zonse ziwiri. Wogamula ndi dokotala atagwira ndi manja, ndipo pakakhala chikaiko amatumiza kukajambula ndi sikani.

Mwatchula Chikwawa, ndipo zimenezi zili ndi tanthauzo. Chigwa cha Shire, Chikwawa ndi Nsanje, komanso Karonga kumpoto, ndi madera amene matenda a filariasis anali ochuluka kwambiri m'dziko muno. Ndi tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu, omwewo a Anopheles amene amatipatsa malungo. Timakhala m'timitsempha tonyamula madzi a m'thupi n'kutiwononga, ndiye kwa ena mwendo umatupa, kwa amuna ambiri thumba limadzaza madzi. Mukumbukira mapiritsi aja ankagawa m'midzi chaka ndi chaka kuyambira 2008, ivermectin ndi albendazole? Anali a matendawa. Mu 2020 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti Malawi wawagonjetsa ngati vuto la dziko, kutsatira dziko la Togo limene linatsogola mu Africa mu 2017. Koma mapiritsi aja ankaletsa kufala kwa matenda, sankakonza zimene zinawonongeka kale. Munthu amene analumidwa ali mnyamata atha kuona phudzi ali ndi zidzukulu. Choncho sikuti wina anawalodza bambowo, ndipo inu mayi musadziimbe mlandu wa mdulo kapena tsempho.

Tsopano mantha a bambo aja, poti nkhani yeniyeni ndi imeneyi. Pa opaleshoni ya phudzi la madzi tchende salichotsa. Amang'amba pang'ono thumba, kukhuthula madzi, kenako kathumba kaja amakadula kapena kukatembenuza n'kukasoka kuti kasasungenso madzi. Kawirikawiri amabaya pamsana kuti thupi lichite dzanzi kuyambira m'chiuno, munthu ali maso, ndipo ntchitoyo nthawi zambiri siposa ola limodzi. Mitsempha imene imadzutsa mwamuna sidutsa pamene akugwirapo. Kunena zoona, chimene chimasokoneza m'nyumba ndi phudzilo likakula, chifukwa chida chimamira m'chotupamo, kuwonjezera manyazi. Akachitidwa, pamatupa kwa milungu ingapo, asadandaule. Khasu, njinga ndi za m'nyumba aziyembekeze kwa milungu inayi kapena isanu ndi umodzi, monga adzauzidwire. Sikuti mpaka ku Queens ku Blantyre ayi. Opaleshoniyi ma clinical officer amachita m'zipatala za m'maboma, ndipo m'zipatala za boma salipiritsa. Chovuta chimakhala mndandanda, ndiye ndi bwino kukalembetsa panopa kuti dzinja likamafika akhale atachira.

Pali zina zimene sizidikira mndandanda. Ngati ndi hernia ndipo tsiku lina yauma, ikuwawa kwambiri, sikubwereranso, bambo akusanza ndipo mpweya kapena chimbudzi sizikutuluka, thumbo lapanikizika. Pamenepo n'kupeza galimoto nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Ndipo ngati muli ndi ana aamuna, gwirani ichi. Mnyamata, makamaka wa zaka 12 mpaka 18, akadzuka usiku akulira kuti tchende limodzi likuwawa mwadzidzidzi, akusanza, tchendelo lakwera m'mwamba, kawirikawiri chingwe chake chapotokola ndipo magazi sakufika. Madokotala amakhala ndi maola pafupifupi 6 kuti alipulumutse. Anyamata ambiri amataya tchende chifukwa cha manyazi okha: mwana akuopa kuuza mayi ake, amwa panado, kucha adikira bambo abwere, pofika kuchipatala lafa kale. Zimandiwawa kwambiri mnyamata wotere akamayamba kufunsidwa za atsikana m'malo mothamangira naye ku fiyeta, chipinda cha opaleshoni.

Kuwawa kobwera pang'onopang'ono kwa masiku awiri kapena atatu, thupi kutentha, pokodza kuwotcha kapena mafinya kutuluka, kumeneko nthawi zambiri ndi tizilombo. Kwa achinyamata chimakhala chinzonono kapena chlamydia, matenda opatsirana pogonana, kwa akuluakulu tizilombo ta m'chikhodzodzo. Mankhwala alipo, koma ngati n'zopatsirana onse awiri alandire, apo ayi muzingobwezerana. Chotupa chikapanda kumva mankhwala, kuno kwathu aganizirenso TB, ndipo kwa asodzi ndi ena a m'mbali mwa madzi, likodzo, limene limathanso kuonetsa magazi mu umuna. Matsagwidi nawo akagwira munthu wamkulu amatha kutupitsa machende.

Chomwe chimanyenga kwambiri ndi kachotupa kolimba ngati mwala pa tchende penipeni, kosawawa n'komwe, mwa mwamuna wa zaka za pakati pa 15 ndi 40, makamaka amene tchende lake linachedwa kutsika ali mwana. Imeneyo itha kukhala khansa, ndipo ndi imodzi mwa khansa zimene zimachizika bwino ikapezeka msanga. Nthawi zina imabisala kuseri kwa madzi, chifukwa chinanso choti phudzi lililonse lionedwe ndi wodziwa.

Mukamapita, pitani limodzi. Tengani buku la kuchipatala, ndipo ngati bambo akumangika kuvula pamaso pa mayi, apemphe mwaulemu kuti awaone wamwamuna ngati alipo. Akafotokoze kuti chinayamba liti, ngati chimabwerera akagona, ndiponso za mphini zija asabise. Ngati amamwa mankhwala a shuga, a BP, kapena ma ARV, anene, chifukwa a opaleshoni adzafuna kudziwa asanawapatse tsiku.