Tifunseni: Kodi kafukufuku wa mbalame ndi ntchito yodyera?

FUNSO: Ankolo, ndangolemba Fomu 4 ndipo ndimakonda mbalame heve, ndikufuna ndidzapange kafukufuku wa zimenezi koma madala akuti mbalame ndi ndiwo basi, ndipite unamwino. Ndiyambire pati? Mtsikana wa ku Makawa, Mangochi.

YANKHO: Mwana wanga, madala asakufooketse koma usawanyozenso, maganizo awo ali pa malipiro ndipo zoona ntchito zake sizambiri, ndalama zake zimadalira ma project, chaka chino zilipo chaka chamawa zii.

Koma anthu ake alipo. Dr Tiwonge Mzumara-Gawa anapanga PhD yawo pa ka mbalame kobiriwira kotchedwa Lilian's lovebird ku Liwonde konkuno, kamene kamagona m'mphako za mitengo ya tsanya ndipo kamafa kakamwa pa zithaphwi zomwe alenje athiramo poizoni. Mzimayi, Mmalawi ngati iwe.

Sukulu yake, yang'ana Biology ku UNIMA ku Zomba, kapena za nkhalango ndi zachilengedwe ku Mzuni ndi LUANAR, ku Dedza kulinso koleji ya Forestry and Wildlife. Nde Biology ndi masamu zikhale bwino, masamu usawathawe chifukwa ukawerenga mbalamezo pamafunika statistics.

Chachikulu ndi ichi, usadikire digiri. Gula kope la hardcover, sankha malo amodzi, kaya pa doko pomwe asodzi amakocheza, uzipita m'mamawa nthawi yomweyomweyo sabata iliyonse ndikulemba tsiku, nyengo, mtundu wa mbalame ndi kuchuluka kwake, nkhwazi zingati akakowa angati, olo tsiku lomwe sunaone kanthu lembanso chifukwa zero nayenso ndi data. Ambiri amagwa mphwayi pamenepa, amafuna mbalame zachilendo zokha zojambula pa Facebook. Kope la chaka chathunthu limalankhula kuposa kalata yoti "ndimakonda chilengedwe" ukamapempha internship. Ngati uli ndi foni ya intaneti, zomwe walembazo uziikanso pa eBird, website yomwe anthu amalembapo mbalame zomwe aona, ndi yaulere.

Malawi ili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650 ndipo iwe uli pabwino, chilumba cha Boadzulu chili pafupi, Lake Malawi National Park ndi kwanu komweko, nkhalango ya Mangochi nayo bungwe losamalira nkhalango ndi nyama la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2018. Funsa za WESM, bungwe loteteza nyama zakutchire ndi chilengedwe m'Malawi, ndiwo amagwira ntchito kuno ndi BirdLife, bungwe la padziko lonse loteteza mbalame, ndipo ali ndi makalabu m'masukulu.

Asodzi achikulire ndi anyamata a malegeni usawaone ngati adani, amadziwa komwe kuli zisa ndi mwezi womwe mbalame zimaikira. Afunse mwaulemu, ulembe mayina achiyao ndi achichewa omwe akuuze. Ma binoculars ndi odula, poyamba bwereka.