Amachita majowajowa pokhapokha ine nditaima pambali pake

Mayi wina wa ku Chilomoni wandilembera za mwana wake wamwamuna wa zaka 19 amene anabadwa ndi Down syndrome, ulumali wobadwa nawo umene umachedwetsa kakulidwe ka thupi ndi kaganizidwe. Akuti chisiyireni sukulu chaka chatha, mnyamatayu amangokhala pampando kuonera TV, thupi likunka likula, ndipo akangoyenda pang'ono wayamba kale wefuwefu. A mafizo, amene amathandiza anthu kulimbitsa ziwalo za thupi, anamupatsa masewera oti azichita kunyumba, koma amachita pokhapokha mayi ake kapena mlongo wake wa Fomu 4 ataima pambali n'kumamuwerengera. "Ndikangolowa kukhitchini, nayenso wakhala pansi," akutero mayiwa. "Ndikufuna adzaphunzire ntchito yamanja, koma ndani angalandire munthu wosatha kuima ngakhale ola limodzi?"

Mayi, mwaona patali polumikiza nkhaniyi ndi ntchito. Kaya ndi kuluka ngati mmene amachitira anthu aulumali ku fakitale ya ku Bangwe, kaya kuweta nkhuku, kaya kuthandiza mu okala, zonsezi zimafuna miyendo yoima, manja onyamula ndi mpweya wokwanira kukafika pasiteji ya minibasi. Makolo ambiri amandifunsa za satifiketi n'kuiwala thupi limene lidzagwire ntchitoyo.

Koma ndikuuzeni mosapita m'mbali: pakali pano masewerawo ndi anu. Wokumbutsa nthawi ndinu, wowerengera ndinu, ndipo iye akuchita kuti musakhumudwe. Mukalowa kukhitchini mwatenga zonsezo kupita nazo. Mwana wanu si waulesi ayi, kungoti palibe chake chimene chatsala pabalazapo. Ndiye ntchito yathu ndi kumusamutsira zinthu zimenezi m'manja mwake, chimodzi chimodzi.

Musanayambe, mukaonane ndi dokotala, kuchipatala cha Queens kapena kumene amapita nthawi zonse. Pafupifupi theka la ana obadwa ndi Down syndrome amabadwanso ndi vuto la mtima, ena chithokomiro chawo sichigwira bwino ntchito ndipo zimenezi zimabweretsa kunenepa ndi kutopa, pomwe ena mafupa a m'khosi mwawo amakhala olobodoka moti kugudubuzika chadodolido kapena kumenya mpira ndi mutu n'koopsa. Wefuwefu amene mwanenayo asangotengedwa ngati wa kunenepa basi. Dokotala akanena kuti palibe choletsa, pamenepo tiyambe.

Choyamba kusamutsa ndi chifukwa chake. Munthu aliyense, ngakhale ine amene ndikulemba, savutikira chinthu chopanda mutu. Kukweza miyendo kakhumi pabalaza n'kotopetsa, koma kupita kukagula buledi wa banja lonse ndi udindo. Mupatseni ulendo wake wa tsiku ndi tsiku umene akapanda kuyenda, anthu am'nyumba aona kuti china chasowa. Ku Chilomoni zitunda n'zosasowa, phiri la Michiru lili pamphuno pompo, choncho ulendo wa kugolosale wokhawo ndi majowajowa okwanira. Kutunga madzi nakonso: lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye muyambe ndi kachigubu ka malita 5, kenaka 10. Cha malita 20 chija asachifulumirire.

Mumufunsenso iyeyo. Amakonda chiyani? Ngati ndi wa Maule kapena Manoma, muuzeni kuti osewera amene amawaona pa TV aja amathamanga m'mawa uliwonse, ndipo jezi ya timu yake ikhale chovala cha masewera chokha, yosavalidwa nthawi ina. Ngati amakonda nyimbo, kuvina nyimbo zitatu zotsatizana ndi mphindi zopitirira khumi za thukuta. Musamufunse kuti "uchita kapena suchita?" chifukwa yankho mukulidziwa kale. Funsani kuti "lero uyamba ndi kuvina kapena ulendo wa buledi?"

Tsopano za kuwerengera. Tolani zitsekerero khumi za mabotolo a Fanta ndi mbale ziwiri. Akakhala pampando n'kudzuka kamodzi, achotse chitsekerero chimodzi m'mbale yakumanzere n'kuponya yakumanja. Mbale ikatha, wamaliza. Safunikanso mawu anu kuti adziwe pothera, maso ake akuona okha. Masewera amene a mafizo anapereka aja, mlongo wake amujambule pafoni iye mwini akuwachita, kapena awajambule papepala limodzi limodzi n'kumata pakhoma motsatana. Anthu ambiri a Down syndrome amagwira msanga zimene aona kuposa zimene amva. Nthawi nayo ikhale ndi chokumbutsa chake chosakhala pakamwa panu: alamu ya foni, kapena lamulo loti tikangomwa tiyi, nsapato kuphazi. Pakalendala ya pakhoma azichonga yekha tsiku lililonse limene wachita.

Chovuta kwambiri ndi chotsatirachi, ndipo chimavutira kholo kuposa mwana. Muyenera kumachoka, koma mwakabisira. Sabata yoyamba pitani naye mpaka kugolosale, ndalama apereke yekha. Sabata yachiwiri muime pa mtengo kapena pampopi pamene mukumuona akulowa ndi kutuluka. Kenaka muime pakona. Kenaka pageti. Tsiku lina mudzangomva chitseko, buledi ali patebulo. M'nyumba chimodzimodzi: lero muli pambali pake, mawa mwakhala pampando mukusankha nyemba osamuyang'ana, mkuja muli kukhitchini chitseko chili chotsekula. Akabwerera m'mbuyo, inunso bwererani pamene munali sabata yatha, popanda kukalipa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo gawo limodzi likhoza kutenga mwezi wathunthu.

Ndikudziwa chimene chikukugwirani mtima: njinga zamoto za kabaza zimene zimangotulukira paliponse, ndi ana achipongwe a m'makwalala. Mantha amenewo ndi oona. Sankhani njira imodzi yosadutsa msewu waukulu, ikhale yomweyo tsiku lililonse, ndipo mukalankhule ndi mwini golosale ndi amayi ogulitsa tomato panjirapo kuti amudziwe ndi dzina. Akayamba kumulonjera, mudzaona kuti moni yekhayo akumudzutsa pampando kuposa mawu anu onse. M'thumba mwake muzikhala kapepala ka nambala yanu. Mwezi wa October aziyenda m'mawa dzuwa lisanakwiye, ndipo chiperoni chikagwa mu June, kuvina m'nyumba kulowe m'malo mwa ulendo.

Mphoto isakhale mandasi kapena Fanta, apo ayi mukhala mukutunga madzi ndi dengu. Kalendala ikadzadza masabata awiri, mumuperekeze kubwalo la mpira kukaonera timu yake. Poyamikira, tchulani chimene wachita: "wayamba wekha ndisanakuuze." Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti akuluakulu, aulumali omwe, azichita masewera otulutsa thukuta pang'ono kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, kutanthauza mphindi 30 kwa masiku asanu. Chimenecho ndi cholinga cha kutsogolo. Mphindi khumi zimene wayamba yekha ndimaziwerengera kuposa 30 zokokedwa. Mufufuzenso za Special Olympics Malawi, imene imakonza masewera a anthu amene ali ndi ulumali wa kaganizidwe, komanso bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM, poti mnzake wa msinkhu wake angamukoke kumene inu simungathe.

Mawu awiri kwa mlongo wake. Iwe mtsikana, mayeso a MSCE ali pafupi, ndipo dongosolo limeneli likupatsa mpata wowerenga m'malo moima pabalaza madzulo aliwonse. Ngati ntchito yothandiza mchimwene wakoyi ukuikonda, dziwa kuti ndi ntchito yeniyeni ya malipiro. Yunivesite ya KUHeS, imene inayamba mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, imaphunzitsa za mafizo konkuno ku Blantyre, ndipo imafuna kuti ukhoze bwino Biology, Physics, Chemistry, masamu ndi Chingerezi. Koleji ya Montfort ku Chiradzulu imaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera. Ukapeza mpata patchuthi, pempha kukaona mmene a mafizo amagwirira ntchito ku Kachere Rehabilitation Centre usanasankhe.

Mayi, pakatha miyezi itatu mundilemberenso, mundiuze kuti mwafika poima pati: pampopi, pakona kapena pageti. Pamenepo tidzakambirana za kukalembetsa maphunziro a ntchito zamanja kudzera ku MACODA, bungwe la boma loona za anthu aulumali limene kale tinkalidziwa kuti MACOHA.