Funsani a Zaumoyo: Nyamakazi, Mankhwala Opopera Mbewu ndi Chuku cha mu Mtedza

Makalata a mwezi uno achokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo akuyankhidwa ndi madokotala ndi akatswiri a za mankhwala a tsamba lino. Milingo imene tatchula ndi yoti mudziwe zofunsa kuchipatala, si yoti mukadzigulire nokha pa okala.

FUNSO: Ndili ndi zaka 52 ndipo ndimagulitsa kachewere. Chala chachikulu cha kuphazi chimatupa usiku, kutentha ndi kuwawa moti ngakhale bulangete lisachikhudze. Pakatha sabata chimaphwa, kenako n'kudzayambiranso. Ndimamwa Indocid awiriawiri. Nyama ndinasiya koma palibe chasintha. Ndili pa mankhwala a BP. Ndi nyamakazi yanji imeneyi?
Bambo wa ku Tsangano, Ntcheu

YANKHO: Bambo, zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi gout. Imayamba uric acid, asidi amene impso zimatayira mu mkodzo, akachuluka m'magazi n'kuundana kukhala timibulu tosongoka ngati singano m'malo olumikizana mafupa. Thupi likayamba kulimbana nato, mpamene chala chimatupa. Chikaphwa sikuti timibuluto tatha, tilipobe, n'chifukwa chake zimabwerera.

Kuchepetsa nyama simunalakwe, koma gwero lalikulu si mbale. Kafukufuku wa mu 2018, wotsogozedwa ndi akatswiri a ku New Zealand, anaunika anthu oposa 16,000 ndipo anapeza kuti pa kusiyana kwa uric acid pakati pa anthu, kadyedwe kamangotengapo gawo losakwana 1 peresenti, pamene chibadwa chimatenga pafupifupi 24 peresenti. Mwa ambiri vuto ndi loti impso sizitaya asidiyu mokwanira. Zimene zimaputa ululu msanga ndi mowa wa mtundu uliwonse, kaya masese, kachasu kapena wa m'botolo, chiwindi ndi zam'mimba za pachiwaya, zakumwa za shuga wambiri, komanso kutha tsiku pamsika osamwa madzi.

Tsegulani buku lanu la kuchipatala muone dzina la mankhwala a BP. Ngati ndi HCT (hydrochlorothiazide), dziwani kuti amakweza uric acid. Musawasiye nokha, kawauzeni adokotala za chalacho, chifukwa alipo ena monga amlodipine ndi losartan amene sakweza. Mankhwala a TB otchedwa pyrazinamide nawonso amachita chimodzimodzi.

Chithandizo chili pawiri. Choyamba ndi kuziziritsa ululu: colchicine wa 1 mg, n'kuwonjezera 0.5 mg pakatha ola limodzi, basi tsiku limenelo. Kapena prednisolone wa 30 mg pa tsiku kwa masiku 5. Kale colchicine ankaperekedwa ola lililonse mpaka munthu atatsegula m'mimba, koma kafukufuku wa mu 2010 anasonyeza kuti mlingo wochepawu umathandiza mofanana popanda kumuvutitsa wodwala.

Chachiwiri, chimene ambiri samauzidwa, ndi kutsitsa asidiyo ndi allopurinol. Amayambira pa 100 mg pa tsiku, kapena kucheperapo ngati impso zili zofooka, n'kumakweza pang'onopang'ono pakatha masabata 2 mpaka 4, akuyeza magazi, mpaka uric acid atatsika pansi pa 6 mg/dL. Pamenepo mpamene timibulu timayamba kusungunuka. Ku Nottingham, ku England, mu kafukufuku wa mu 2018, odwala amene anamwino ankawafotokozera bwino ndi kuwakwezera mlingo motere, 95 mwa 100 anafika pa mlingo wofunikawo patatha zaka 2, pamene mwa olandira chithandizo cha masiku onse anafikapo ndi 30 okha. Apa pali pamene anthu amagwera: m'miyezi yoyambirira ululu ukhoza kubwera pafupipafupi chifukwa timibulu tikugwedezeka, munthu n'kuganiza kuti mankhwalawo ndi oipa n'kuwataya. Musasiye. N'chifukwa chake adokotala amaonjezera colchicine wochepa kwa miyezi 3 mpaka 6. Koma mukaona zidzolo pakhungu, zilonda m'kamwa kapena kutentha thupi, siyani allopurinol tsiku lomwelo ndipo pitani kuchipatala.

Za Indocid zatidetsa nkhawa. Indocid, Brufen ndi diclofenac ndi a banja limodzi: amakweza BP, amaononga impso ndipo amaboola zilonda m'mimba. Chimbudzi chakuda bii ndi chizindikiro choti m'mimba mukutuluka magazi. Pemphani kuti akuyezeni creatinine kuti adziwe mmene impso zilili. Ndipo tsiku limene kutupako kwabwera ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera, musayese ndi gout ya masiku onse. Akhoza kukhala mafinya m'kati mwa mfundo, amene amaononga mfundoyo m'masiku ochepa.

Tionjezereko mawu kwa amayi amene zala za manja onse awiri zimawatupa ndi kuuma m'mawa kwa ola lathunthu. Imeneyo ndi nyamakazi ina, rheumatoid arthritis, ndipo mankhwala ake aakulu ndi methotrexate. Amamwedwa kamodzi pa sabata, osati tsiku ndi tsiku, ndipo samwedwa ndi woyembekezera. Ngati muli pa ma ARV ndipo mumalandira Bactrim, nenani musanayambe: awiriwa akakumana amatha kuimitsa mafupa kupanga magazi.

FUNSO: Mphwanga ankapopera tomato kudimba dzuwa lili paliwombo. Anayamba chizungulire, kusanza ndi kutuluka dovu. Tinamumwetsa mkaka ndi mafuta ophikira kuti asanze zonse, kenako tinathamangira naye kuchipatala. Anamwino anati tinalakwitsa. Chonsecho kwathu kuno aliyense amadziwa kuti mkaka umapha poizoni. Zoona n'ziti?
Mlimi wa ku Lizulu

YANKHO: Achimwene, kuthamangira kuchipatala munachita bwino, koma anamwinowo ananena zoona. Mkaka supha poizoni.

Zizindikiro mwatchulazo ndi za mankhwala a gulu la organophosphate, monga dimethoate, chlorpyrifos ndi profenofos. Tameki ndi wa gulu loyandikana nalo ndipo amagwira mofanana. M'thupi muli enzyme yotchedwa acetylcholinesterase, imene ntchito yake ndi kuzimitsa uthenga wa mitsempha ukangofika kumene umapita. Mankhwalawa amaimanga, ndiye uthenga sumazima: malovu, misozi ndi thukuta zimangotuluka, mwana wa diso amachepa, m'mimba mumatseguka, minofu imanjenjemera. Chimene chimapha ndi madzi odzaza m'mapapo ndi kufooka kwa minofu yopumira. Munthu wotere ukamuthira mkaka kapena mafuta m'kamwa, amatsamwa ndipo zimapita m'mapapo. Onjezani kuti ambiri mwa mankhwala amadziwa amasungunulidwa m'mafuta onga palafini, amene akabwerera ndi masanzi amaotcha mapapo. Ndiponso mphwanuyo poizoni anamulowera pakhungu ndi popuma, ndiye kusanzitsako sikukanachotsa kanthu.

Chochita ndi ichi. Muchotseni pamalopo, muvuleni zovala zonse zonyowa ndi mankhwala, mutavala mapepala a pulasitiki m'manja. Musambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri, tsitsi ndi zikhadabo zomwe. Ngati alowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15. Mugonekeni chammbali, kumanzere, mutu utatsika pang'ono kuti masanzi azituluka. Musamupatse chakumwa chilichonse. Tengani botolo kapena pepala la mankhwalawo, chifukwa dzina lake ndi limene limauza adokotala chochita. Pa kabaza wa njinga yamoto pakhale munthu kumbuyo womugwira.

Kuchipatala chopulumutsa ndi okosijeni ndi atropine wa mumtsempha. Amayamba ndi 1 mpaka 3 mg, n'kumawirikiza kawiri pa mphindi 5 zilizonse mpaka m'chifuwa mutauma ndipo mtima ukugunda koposa ka 80 pa mphindi. Kafukufuku wa ku Bangladesh wa mu 2012 anapeza kuti njira yowirikizayi inatsitsa imfa kuchoka pa 22.5 peresenti kufika pa 8 peresenti. Wina wa ku Sri Lanka wa mu 2008, wa odwala oposa 4,600, anasonyeza kuti ngakhale makala apadera amene amamwetsa odwala kuchipatala sanachepetse imfa, ndiye a pa mbaula osinja musawayese n'komwe.

Wodwala akatsitsimuka, achibale amafulumira kupempha kuti atuluke. Dikirani. Pakati pa tsiku loyamba ndi lachinayi minofu ikhoza kufookanso mwadzidzidzi. Akamalephera kudzutsa mutu papilo, itanani namwino nthawi yomweyo, chifukwa kupuma ndi kumene kukutsatira.

Kudimba, zovulaza anthu n'zodziwika: kutakasa mankhwala ndi dzanja, kuuzira nozo yotsekeka ndi pakamwa, sipuleya yodontha pamsana, kupopera moyang'anizana ndi mphepo kapena masana thukuta likutuluka, kusuta ndi kudya osasamba m'manja. Poperani m'mamawa kapena madzulo. Mzere wa mtundu umene uli pansi pa lebulo umanena ukali wake: wofiira ndi woopsa zedi, kenako wachikasu, wobiriwira ngati thambo, ndi wobiriwira ngati msipu. Botolo likatha litsukeni katatu, madziwo muthire mu sipuleya, n'kuliboola kuti wina asasungiremo mchere kapena mafuta.

Pali chinanso chimene sitingachidumphe. Ambiri amene amafa ndi mankhwalawa amamwa dala pa mkwiyo kapena pa nkhawa ya ola limodzi. Ku Sri Lanka anayesa kugawa mabokosi okhoma osungiramo mankhwalawa m'midzi, ndipo zotsatira za mu 2017 zinasonyeza kuti sanathandize. Chimene chinatsitsa kwambiri imfa zodzipha kumeneko ndi kuletsa mankhwala oopsa kwambiri m'dziko lonse. Choncho gulani okwanira kupopera ulendo umenewo, osasunga otsala m'nyumba, makamaka ngati muli wina amene akuoneka wosweka mtima. Muyankhuleni, ndipo mupite naye kuchipatala.

FUNSO: Ndikasankha mtedza wogulitsa, wonyala ndi wothimbirira ndimaukazinga n'kusinja nsinjiro za phala la ana. Alangizi akuti muli poizoni. Kodi moto sumupha?
Mayi wa ku Bwanje, Ntcheu

YANKHO: Mayi, moto umapha chuku, koma poizoni amene chukucho chasiya, aflatoxin, sapsa pa chiwaya kapena mumphika. Ndipo amaunjikana mu mtedza womwewo umene mumapatulawo, ndiye ana akudya gawo loipitsitsa la zokolola zanu.

Aflatoxin amaononga chiwindi. Wochuluka nthawi imodzi amapha: ku Kenya mu 2004 anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga choola. Wochepa wa tsiku ndi tsiku amayambitsa khansa ya chiwindi pakapita zaka, makamaka mwa amene ali ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Katemera wa hepatitis B ali m'gulu la akatemera a ana kuno kuyambira 2002, choncho onetsetsani kuti ana amaliza.

Chuku chimalowa pamene khoko lang'ambika kapena lanyowa. Kuwaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa ndi chizolowezi choyamba kuchisiya. Kumbani pa nthawi yake, osavulaza makoko ndi khasu. Yanikani pa mkeka, pa lona kapena pa thandala, osati pa dothi, mpaka njere zizilira mukagwedeza khoko. Sungani wosaswa, matumba atakhala pa mitengo osakhudza pansi kapena khoma. Ku Guinea njira zosavuta ngati zimenezi zinatsitsa aflatoxin wa m'magazi a anthu ndi kuposa theka. Chimanga chiyeseni chonchi: ikani njere ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, khutchumulani, mchere ukamatirira m'mbali, chimanga sichinaume.

Kumunda kuli Aflasafe, wopangidwa ndi bungwe lofufuza za ulimi la IITA. Ndi njere za mapira zokutidwa ndi chuku cha mtundu womwewo koma chosapanga poizoni, chimene chimalanda malo a choipacho. Amawaza makilogalamu 10 pa hekitala, masabata 2 kapena 3 mbewu zisanachite maluwa. Mtedza woolawo ukwirireni. Musapatse ng'ombe kapena mbuzi za mkaka, chifukwa poizoniyu amadutsa mpaka mumkaka.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 11 anamupima mtima n'kunena kuti azibayidwa jakisoni mwezi ndi mwezi. Koma akusewera mpira bwinobwino. Tingasiye?
Mayi wa ku Linthipe, Dedza

YANKHO: Chonde musasiye, mayi. Zimene mwafotokozazi zikuloza ku matenda a mtima otchedwa rheumatic heart disease, amene amayamba ndi zilonda za pakhosi za bakiteriya wotchedwa streptococcus. Mwa ana ena, pakatha masabata 2 kapena 3, chitetezo cha thupi chimasokonezeka n'kuyamba kuukira mfundo za miyendo ndi mavavu a mtima. Bakiteriyayo akabweranso, mavavu amaonongekeratu pang'ono, mwana akuoneka wabwinobwino.

Ku Gulu, m'dziko la Uganda, anatsatira ana pafupifupi 800 a zaka 5 mpaka 17 amene mitima yawo inali itangoyamba kukhudzidwa. Patatha zaka 2, matenda anakula mwa ana 33 amene sankabayidwa, koma mwa obayidwa benzathine penicillin pa masabata 4 aliwonse anakula mwa 3 okha. Werengani masiku 28, osati kudikira mwezi uthe, chifukwa mphamvu ya jakisoniyu imakhala itatsika. Amapitirira zaka zambiri, kawirikawiri mpaka munthu atakula, ndipo oimitsa ndi adokotala atapimanso mtima. Jakisoniyu amawawa, anamwino akhoza kusakanizamo mankhwala ochititsa dzanzi a lidocaine ndi kubaya pang'onopang'ono. Mwana adye ndi kumwa asanabayidwe, ndipo mukhale pachipatala kanthawi mukatha. Akayamba befu, kutupa miyendo kapena kukomoka, nenani asanamubaye wotsatira.

FUNSO: M'mwezi wa June timagona ndi mbaula m'chipinda, ndipo m'mawa tonse mutu umatiwawa. Malungo sakupezeka.
Bambo wa ku Bembeke, Dedza

YANKHO: Ndi mpweya wa carbon monoxide, bambo, ndipo mwapulumuka. Ulibe fungo kapena mtundu, ndipo makala ofiira opanda utsi amautulutsabe. Umakanirira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni ka 200 ndi kupitirira. Otherani musanagone, zenera lili lotsegula, kenako tulutsani mbaula panja. Wina akasokonezeka mutu kapena kukomoka, mutulutseni panja ndi kupita naye kuchipatala kuti akalandire okosijeni. Mukawauze za mbaulayo, chifukwa kachipangizo kopanira pachala kamaonetsa ngati mpweya uli bwino ngakhale magazi atadzaza poizoniyu. Woyembekezera apimidwe ngakhale akumva bwino, popeza mwana wa m'mimba amakhudzidwa kuposa mayi ake.