Kodi wailesi ya ova-ova ingatipulumutse pa ngozi?

Funso: Akonzi, ntchito yanga ndi yoperekeza alendo m'mapiri ndi pa boti, kumene netiweki ya foni imasowa. Tagula timawailesi tiwiri tolankhulirana, timene ambiri amati ova-ova. Kodi ngozi itagwa, tingadalire timeneti poitana thandizo? — Wowerenga wathu

Yankho: Mungatidalire pokhapokha pali munthu amene akumvetsera pa tchanelo chanucho pa nthawi imene mukulankhula. Wailesi siyitana munthu mmodzi monga ichitira foni. Imangomwaza mawu mumlengalenga, ndipo ngati palibe amene watchera khutu, mawuwo apita pachabe. Timawailesi ta mtundu wa PMR446, timene m'mayiko ena sitifuna laisensi, mphamvu yake siposa theka la wati, ndipo kawirikawiri magulu opulumutsa anthu satimvetsera. Choncho musananyamuke, gwirizanani ndi mnzanu wotsala za tchanelo ndi maola amene azikhala atayatsa wailesi yake.

Pamadzi nkhani yake ndi ina. Wailesi ya VHF ya oyenda panyanja ili ndi tchanelo 16, pa 156.8 MHz, chimene mayiko adagwirizana kuti chikhale choitanira thandizo, ndipo kwa ine ndiyo iyenera kukhala pa boti lonyamula anthu.

Kalankhulidwe ndiye pamene ambiri amaphonya. Dinani batani, dikirani kamphindi kuti mawu oyamba asaduke, kenaka nenani "Mayday" katatu. Liwuli lidachokera ku Chifalansa, limatanthauza kuti "ndithandizeni", ndipo mayiko adalivomereza mu 1927. Ndi la pamene moyo wa munthu uli pachiswe basi. Ngati injini yangozima koma palibe amene akumira kapena wavulala kwambiri, liwu lake ndi "Pan-pan". Mukatero tchulani dzina la boti, malo amene muli, chimene chachitika, chiwerengero cha anthu ndi thandizo limene mukufuna. Malowo muwatchule msanga, chifukwa batire likafa mawu ali m'kamwa, opulumutsa adziwabe kokakufunani. Mukamaliza nenani "ova" ndi kusiya batanilo. Munthu wogwidwa ndi mantha amalifinyabe osazindikira, motero sangamve yankho, komanso amatsekera ena tchanelo chonse.

Mtunda wolembedwa pa katoni musaukhulupirire kwambiri, popeza amauyeza pamalo popanda chotchinga. Mafunde a mawailesi amenewa amayenda molunjika, ndipo phiri, nkhalango yowirira kapena khoma la simenti zimawafooketsa. Munthu amene ali m'chigwa akhoza kulephera kumvana ndi mnzake wa kuseri kwa chitunda chomwecho, koma atakwera pamwamba namveka kutali ndithu. Wina akavulala m'munsi, mmodzi wa inu akwere pamalo okwera, agwire wailesi eriyo italoza kumwamba, ndipo abwereze uthengawo mopumira kuti amve ngati wina wayankha. Kuzizira kwa m'mapiri kumatha mabatire msanga, choncho apadera muziwasunga m'thumba la mkati, pafupi ndi thupi.