Mawu oti "robot" anachokera kuti?

Mayi wina amene amasoka zovala m'fakitale ku Johannesburg wandilembera imelo. Akuti kapitawo wawo anawauza kuti amagwira ntchito ngati "robot". Iwo amangodziwa maloboti a pamsewu, ndiye akufunsa tanthauzo la mawuwa ndi kumene anachokera.

Amayi, zikomo pondilembera. M'Chingerezi akamatero amatanthauza kuti manja akungoyenda okha: kutola nsalu, kuilowetsa pansi pa singano, kudula ulusi, kutolanso ina, maganizo ali kutali. Ena amanena choncho poyamikira changu, koma ine mawuwa akanenedwa kwa munthu amandiwawa, chifukwa cha kumene anachokera.

Gwero lake ndi mawu a chiyankhulo cha ku Czech oti "robota". Imeneyi inali ntchito yokakamiza imene alimi ankagwira m'minda ya mwini malo popanda malipiro, kuti awalole kukhala pamalopo. Ku Bohemia, dera limene lero ndi mbali ya dziko la Czech, inathetsedwa mu 1848. Kwathu timaidziwa bwino, dzina lake ndi thangata. Ndi imene makolo athu ankagwira m'maesiteti a ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, ndipo ndi chimodzi mwa zimene zinamuwawitsa mtima John Chilembwe mpaka kuukira mu 1915.

Mu 1920 mlembi wa ku Czech, Karel Čapek, analemba sewero lotchedwa R.U.R., lonena za fakitale yopanga antchito ooneka ngati anthu. Ankaganiza zowatcha "labori", koma dzinalo silinamukhutiritse. Atafunsa mkulu wake Josef, amene anali kalikiliki kupenta chithunzi, burashi ili kukamwa, anangomuyankha kuti awatche "roboti", kuchokera ku mawu aja oti "robota". Sewerolo linaonetsedwa ku Prague mu 1921, ndipo pofika 1923 linali litafika ku London, mawuwa n'kukhazikika m'Chingerezi. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti antchito a m'sewerolo sanali achitsulo ayi. Anali a mnofu wochita kupanga, ogwira ntchito osadandaula, mpaka tsiku limene anaukira owapangawo.

Nanga maloboti a pamsewu? Kale pamphambano pankaima wapolisi, akumaimitsa ndi kudutsitsa magalimoto ndi manja. Magetsi aja atatenga ntchito yakeyo, anthu anayamba kuwatcha "robot policeman", kenako n'kufupikitsa. Ku Britain dzinali linazilala, koma ku South Africa, Zimbabwe, Zambia ndi kuno ku Malawi linakhalirira. N'chifukwa chake mpaka lero mukakwera minibasi mumauza kondakitala kuti, "Nditsika pamaloboti."