Ntchito yofufuza mankhwala pa kompyuta: mwana ayambire pati?

Mayi wina watilembera kuti mwana wake wamkazi, yemwe akukonzekera mayeso a MSCE, amakonda Chemistry komanso sachoka pa kompyuta. Mwanayo wamva kuti asayansi akupeza mankhwala atsopano pogwiritsa ntchito kompyuta, ndipo mayiyu akufuna kudziwa ngati imeneyi ndi ntchito yoti munthu n'kudalira, ndiponso maphunziro amene mwanayo angasankhe ku yunivesite.

Mayi, ntchitoyi ilipodi, koma ndi bwino muyambe mwamvetsa zimene katswiri wake amachita tsiku ndi tsiku. Mankhwala ambiri amagwira ntchito pokalowa pamalo ena a puloteni ya m'thupi kapena ya kachilombo, monga kiyi alowera mu loko, n'kuilepheretsa kuchita zimene imachita. Katswiri amatenga maonekedwe a puloteniyo mu Protein Data Bank, nkhokwe yaulere yomwe inakhazikitsidwa mu 1971 ndipo lero ili ndi maonekedwe oposa 200,000, kenako pulogalamu monga AutoDock Vina imayesa mamolekyu (tizidutswa tating'onoting'ono timene timapanga mankhwala) ambirimbiri a mu nkhokwe ngati ZINC kuti ione amene akukwanira bwino pamalopo. Njira imeneyi imatchedwa virtual screening, ndipo cholinga chake n'kuchepetsa mamolekyu mamiliyoni kuti atsale ochepa oti akayesedwe mu labotale. Kupanga mankhwala poyang'ana maonekedwe a puloteni si nkhani yachilendo ayi, chifukwa mankhwala a HIV otsekereza puloteni ya protease, omwe anayamba kuvomerezedwa mu 1995, anapangidwa motsogozedwa ndi nzeru yomweyi, ndipo ritonavir, mmodzi mwa mankhwalawa, akupezekabe m'ma ARV ena amene anthu akumwa kuno kwathu.

Chimene ndikufuna kutsindika n'chakuti phata la ntchitoyi ndi Chemistry, ndipo kompyuta ndi chida chabe. Pulogalamu ikamaliza kuyesa imandandalika mamolekyu kuyambira amene yawapatsa malikisi apamwamba, koma malikisiwo amanama kawirikawiri. Katswiri amatsegula molekyu yoyambayo, n'kuizunguza pa sikirini ili m'kati mwa puloteni, ndipo amaona kuti mbali yake ina yapindika mwa njira yosatheka, kapena kuti singasungunuke m'madzi, kapena kuti ili ndi kachigawo kodziwika kuti kamawononga chiwindi. Amaitaya n'kutenga ina ya pansi pamndandanda. Munthu wongodziwa kudina mabatani sangaone zimenezi, ndipo akhoza kuchititsa bungwe lake kugula mamolekyu odula opanda ntchito. Ngakhale AlphaFold, pulogalamu yolosera maonekedwe a mapuloteni yomwe inapezetsa Demis Hassabis ndi John Jumper mphoto ya Nobel mu 2024 pamodzi ndi David Baker, sinathetse kufunika kwa munthu wotereyu.

Motero mwanayo alimbikire Chemistry, Biology, Physics ndi masamu pa MSCE, kenako afunsire digiri ya Chemistry ku University of Malawi ku Zomba kapena ya Pharmacy ku Kamuzu University of Health Sciences. Ine ndimakonda kulangiza Pharmacy kwa mwana wochokera m'banja losowa, popeza imapatsa munthu ntchito yodziwika ngakhale mwayi wopitiriza maphunziro utachedwa, ngakhale kuti Chemistry ndi imene imazamitsa kwambiri pa mamolekyu. Luso la kompyuta aliphunzire pambali kuyambira chaka choyamba: Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu), kugwiritsa ntchito Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta), ndi RDKit (chida chosanthulira mamolekyu pa kompyuta). Zonsezi n'zaulere, ndipo laputopu wamba imakwanira poyambira.

Digiri yoyamba yokha sikwanira. Malo ambiri amafuna masitazi, ndipo wofuna kutsogolera kafukufuku amafunika PhD, kotero konzekerani zaka pafupifupi 10 za maphunziro akachoka ku sekondale, zina mwa izo kunja kwa dziko. Sikuti mpaka apite ku Ulaya. Ku South Africa, Rhodes University ili ndi gulu la bioinformatics (kusanthula za Biology pa kompyuta) lotchedwa RUBi, ndipo ku University of Cape Town kuli H3D, malo ofufuzira mankhwala amene Pulofesa Kelly Chibale, wobadwira ku Zambia, anakhazikitsa mu 2010. Gulu lake, mogwirizana ndi bungwe la Medicines for Malaria Venture, linapeza molekyu yolimbana ndi malungo yotchedwa MMV048, yomwe inayamba kuyesedwa pa anthu mu 2014.

Pa nkhani ya ntchito sindikubisirani: kuno ku Malawi mipata yofufuza mankhwala pa kompyuta ndi yochepa kwambiri, ndipo ambiri amaipeza m'mayunivesite ndi m'makampani a mankhwala akunja. Komabe munthu wodziwa Python ndi kusanthula zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo amafunika m'mabungwe ngati Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, ndiponso akhoza kuphunzitsa ku yunivesite.

Mwanayo akafika chaka chomaliza cha digiri yoyamba, apemphe mphunzitsi wake kuti kafukufuku wake akhale woyesa mamolekyu pa puloteni imodzi ya tizilombo ta malungo kapena TB, ndipo ntchitoyo aiike pa GitHub, tsamba la pa intaneti losungirapo ndi kuonetserapo mapulogalamu, chifukwa aphunzitsi osankha ophunzira a masitazi amafuna kuona zimene munthu wachita kale ndi manja ake.